Pa fomu ya ku Canada ndichonge kuti ndili pabanja? Luphato linaperekedwa koma ukwati sitinamange

Esnart wa ku Nchalo:
Muli bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani, mundithandize maganizo koma musandiseke. Bwenzi langa lili ku Canada, mumzinda wa Winnipeg. Anapita mu Ogasiti 2022 kukachita maphunziro, atamaliza anapeza ntchito, ndipo pano anamupatsa mapepala okhalira komweko mpaka kalekale. Tsopano akufuna kunditenga. Wanditumizira mafomu kuti ndiziwerengeratu, ina ndi yake ina ndi yanga. Yangayo pamwamba alemba IMM 0008. Nditafika pomwe akufunsa za banja ndangoima. Pali "single", "married", "common-law", "divorced", "widowed" ndi ena. Ife ukwati sitinamange, kutchalitchi ayi, kwa DC ayi, chinkhoswe ayi. Koma akwawo anafika kwathu ku Ngabu, luphato (ndalama ya chitomero) linaperekedwa, amalume anga akumudziwa, ndipo asanapite tinakhalapo nyumba imodzi kuno ku Nchalo. Amayi akuti ndichonge "married" poti mudzi wonse umanditchula mkazi wake. Mwini wakeyo akuti "common-law". Mnzanga wa kuntchito akuti "single" basi, zinazo ndi kudziputira mafunso. Mutu wandizungulira. Ndichonge pati?

Bambo a Mphatso (Bangula):
Mwanawe, amayi ako akunena zoona. Munthu akwawo anabwera, anakhala pamphasa, ndalama inalandiridwa, ndiye lero ukalembe kuti ulibe mwamuna? Akwawo akadzamva adzati ukuwakana. Chonga kuti uli pabanja, azunguwo sakudziwa mwambo wathu.

Kabaza Bwana:
Kkkk asisi chongani onse atatu, iwo akasankhe okha

Anabanda (Fatima):
Iwe Kabaza nkhani ya mnzako usamaiseweretse. Esnart, usachonge kanthu lero. Pagulu pano pali achimwene ena ali ku Canada komweko, adikire adzuke, kumeneko kukadali usiku.

Fatsani wa ku Joni:
Ine za ku Canada sindilowererapo, ndinene za kuno ku South Africa. Kuno munthu amene ukukhala naye osakwatirana amamutcha life partner. Lamulo la 2014 limafuna kuti ubale wanu ukhale wa zaka ziwiri kapena kuposa, ndipo mumakasainirana pangano kwa loya wodinda zikalata. Mwina ku Canada ndi chimodzimodzi.

Yohane (Edmonton):
Ndadzuka, ndawerenga. Achimwene Fatsani, si chimodzimodzi, ndipo pamenepa ndi pomwe anthu ambiri amagwera. Dziko lililonse lili ndi muyeso wake. Achemwali Esnart, bokosi limenelo silikufunsa mmene akumudzi amakuonerani, likufunsa mmene lamulo likukuonerani. Ku Canada munthu angathe kutenga mnzake m'njira zitatu.

"Married" ndi amene ukwati wawo ndi wovomerezeka ndi malamulo a dziko lomwe unachitikira, komanso sukutsutsana ndi malamulo a Canada. Amafuna chikalata.

"Common-law" ndi amene anakhala nyumba imodzi ngati banja miyezi 12 yotsatizana, osadukiza. Kuchokapo masiku owerengeka, monga kupita kumaliro kapena ulendo wa kuntchito, sikuononga. Koma kupatukana miyezi kumadula chiwerengero. Pa njira imeneyi pamafunika umboni woti munalidi khomo limodzi.

Yachitatu amati conjugal partner, ndidzaifotokoza mukandiyankha. Funso langa ndi ili, ndipo mundiyankhe mutawerenga pa zala, osati mongoganizira: munalowa nyumba imodzi mwezi wanji, ndipo munasiya kukhala limodzi mwezi wanji?

Bambo a Mphatso (Bangula):
A Yohane, ndiye mukuti ukwati wamakolo si ukwati? Ine ndi mayi a Mphatso tili ndi zaka 31 m'banja, pepala tilibe. Tikhalenso "single"?

Chimwemwe (Chikwawa Boma):
Ayi bambo, wanuwo ndi ukwati weniweni. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza mitundu inayi: wa kuboma, wa mwambo, wa kumpingo, ndi umene umazindikirika chifukwa anthu akhalira limodzi nthawi yaitali mpaka onse amawadziwa ngati banja. Koma tiyeni tisiyanitse. Inu zanu zinatha zonse, chuma chinaperekedwa, akuluakulu a mbali ziwiri anagwirizana, mayi anaperekedwa m'manja mwanu. Za achemwaliwa zinaima pa luphato. Luphato tonse timalidziwa, ndi chizindikiro choti mnyamata sakuseweretsa mwana wa eni, ndipo ena asabwerenso kudzafunsira. Ndi chitomero. Ngakhale kwa a Mang'anja, popanda ankhoswe kukhala pansi palibe amene anganene kuti ukwati wamangidwa.

Mtundu wachinayiwo nawo sumangodzitchula wekha. Khoti ndi limene limagamula kuti awa ndi banja, ndipo ubale wake usachepere zaka 5. Ndiye "married" achotsepo kaye, pakadali pano palibe chomwe angaonetse akafunsidwa.

Bambo a Mphatso (Bangula):
Pa luphato paja wanena zoona mwana wanga. Ndinathamanga pakamwa. Komabe mawu akuti "single" akundiwawa.

Mayi a Tadala (Dyeratu):
Akuwawa aliyense bambo. Mtsikana wadikira zaka zitatu, anyamata a kuno akumuopa ngati mkazi wa mwini, mapeto ake pepala likuti alibe munthu.

Anabanda (Fatima):
Mundilole ndinene zanga, mwina wina apulumukirapo. Ine ndinakwatiwa ndili ndi zaka 19, ukwati wa ankhoswe. Bamboyo anaoloka kupita ku Mutarara kukachita geni, anakwatira komweko, osabweranso. Zaka zinapita. Ndinapeza munthu wina amene amagwira ntchito ku UK. Nthawi ina mpingo unafuna kutitumiza kumsonkhano kunja, pa fomu ya viza ndinachonga "married" chifukwa ndinkadziwa kuti ukwati woyamba uja sunathe mwalamulo. Ulendowo unalephereka, ndinaiwalako. Patapita zaka, pofuna kutsatira mnzangayu, ndinapita kwa munthu wina ku Blantyre wothandiza kulemba mafomu. Anandifunsa kuti muli ndi mwamuna? Ndinati anandisiya kalekale. Iye anati ndiye ndinu "single" mayi. Ndinamulipira, ndinasaina osawerenganso.

Yankho litabwera anandikana. Anali ndi fomu yakale ija m'makompyuta mwawo. Pano wokwatiwa, apa wosakwatiwapo, chikalata chothetsa ukwati palibe. Ndalama zonse zinalowa m'madzi, ndipo uja anandilembera fomu foni yake inasiya kupezeka. Ndinachita kukayamba kukhoti la majisitireti kuti ukwati woyamba uthe mwalamulo, ankhoswe anga mmodzi anali atamwalira, winayo wokalamba kumunyamula pa njinga. Ndiye amene munasiyana ndi amuna anu kapena akazi anu pakamwa pokha, "single" si yanu. Pa mafomu amenewa mawuwo amatanthauza munthu amene sanakwatirepo kapena kukwatiwapo.

Mayi a Tadala (Dyeratu):
Pepani Anabanda. Pano zili pati?

Anabanda (Fatima):
Chikalata cha kukhoti ndili nacho. Tikusonkhanitsa ndalama tiyesenso. Ku UK kuyambira mu Epulo 2024 amafuna kuti wokutengayo azilandira mapaundi 29,000 pachaka, ndiye nayenso akulimbana ndi zimenezo. Chabwino n'choti kuyambira kumapeto kwa Januwale chaka chomwecho anasiya kukakamiza kuti mukhale mutakhalapo nyumba imodzi zaka ziwiri, amangofuna ubale wonga wa banja wa zaka ziwiri. Mukuona a Fatsani? Ku Joni kwina, ku UK kwina, ku Canada kwina.

Esnart wa ku Nchalo:
A Yohane ndawerenga, mpaka ndakatulutsa kabuku komwe ndinkalemba za lendi. Tinalowa nyumba imodzi pa 1 Meyi 2021. Mu Januwale 2022 kunabwera namondwe Ana uja, madzi analowa m'nyumba, khoma la kuchipinda linagwa. Ine ndinapita kwa amayi ku Ngabu, iye anapita kwa mkulu wake ku Blantyre poti anali atayamba kale kuthamangira za sukulu ndi viza. Kuchokera pamenepo tinkangoyenderana, mwina Loweruka ndi Lamlungu. Mu Ogasiti anakwera ndege. Ndiye kukhala limodzi kwenikweni ndi miyezi 9 yosakwana bwino. Koma iye akuti tikaphatikiza ndi miyezi yoyenderana ija ipitirira chaka, ndipo palibe adzabwere ku Nchalo kudzafufuza.

Yohane (Edmonton):
Mwachita bwino kutulutsa kabukuko. Funso lina lofunika kuposa loyamba lija. Pamene iyeyo ankapempha mapepala ake okhalira kuno, pa fomu yake anachonga chiyani? Ndipo muli ndi mwana?

Esnart wa ku Nchalo:
Mwana tilibe. Ndamufunsa pompano, akuti anachonga "single".

Yohane (Edmonton):
Ndiye muuzeni akhale pansi awerenge izi bwinobwino. Malamulo a kuno ali ndi ndime ina, 117(9)(d). Imati munthu akamapempha kukhala kuno mpaka kalekale ayenera kutchula mkazi wake, mnzake wa "common-law" ndi ana ake onse, ngakhale sakubwera nawo, kuti nawonso apimidwe. Amene sanatchulidwe nthawi imeneyo, lamulo limakana kuti adzamutenge pambuyo pake. Anthu alira nayo ndime imeneyi, ena ana awo enieni anatsalira kumudzi.

Tsopano taonani msampha umene akufuna kudzitchera yekha. Mukachonga "common-law" n'kunena kuti munakhala limodzi chaka chathunthu asanachoke ku Malawi, mukhala mukuuza boma la Canada kuti pa nthawi imene ankachonga "single" anali ndi mkazi amene sanamutchule. Inu angakukaneni chifukwa cha ndime ija, iyenso angafunsidwe chifukwa chake ananama. Wopezeka kuti ananama pa mafomu amatsekeredwa zaka 5, ndipo amene ali nawo kale mapepala angathe kulandidwa.

Koma ndi miyezi 9 yanuyo, iye sananame. Simunakwanitse chaka, ndiye pa lamulo la kuno anali "single" ndithu. Choonadi chenichenicho ndi chimene chikumuteteza, bodza akufuna kuwonjezeralo ndi limene lingamugwetse.

Kabaza Bwana:
Eee ndiye kuti namondwe Ana anagwetsa khoma n'kupulumutsa banja? Kkkk zinthu zake

Mayi a Tadala (Dyeratu):
Apa wanena zanzeru kamodzi Kabaza.

Fatsani wa ku Joni:
Koma a Yohane tisanamizane, anyamata ambiri amachonga "single" dala poti amati mapointi amakwera. Mnzanga wina anauzidwa choncho.

Yohane (Edmonton):
Amauzidwa theka la nkhani. Pa Express Entry, njira yopemphera kukhala kuno yomwe amasankha anthu poyang'ana mapointi, ndi zoona kuti kawerengedwe ka wosakwatira ndi ka wokwatira n'kosiyana. Koma ukatchula mkazi wako n'kunena kuti sakubwera nawe pano, amakuwerengera ngati uli wekha. Mapointi omwewo, ndipo khomo lodzamutenga limakhala lotseguka. Kubisa mkazi sikupindulitsa kanthu.

Esnart wa ku Nchalo:
Ndamva, ndipo thupi lazizira ngakhale kuno kukutentha chonchi. Ndiye ngati "married" ayi, "common-law" ayi, anditenga bwanji? Bokosi la chibwenzi palibe pa fomupa.

Yohane (Edmonton):
Palibedi. Canada ilibe njira yotengera chibwenzi kapena wotomeredwa. Yatsala ndi ija ndinati conjugal partner. Imeneyo ndi ya anthu amene akhala pa ubale wonga banja kwa chaka kapena kuposa, wina ali kunja kwa Canada, koma pali chotchinga chenicheni chowalepheretsa kukwatirana kapena kukhala limodzi. Kudula kwa tikiti kapena kusapeza tchuthi kuntchito sikuwerengedwa ngati chotchinga. Ofisala adzafunsa funso limodzi: chimamuletsa n'chiyani mnyamatayu kupita ku Malawi kukamanga ukwati? Yankho lanu ndi loti palibe. Ndiye ine njira imeneyo sindingakulimbikitseni.

Njira yowongoka ndi yoti abwere, mumange ukwati, mutenge chikalata, kenako nonse awiri muchonge "married", inu pa IMM 0008 iye pa fomu yake ya wokutengani, IMM 1344. Mayankho anu azifanana paliponse, masiku omwewo, malo omwewo. Ndine munthu wamba amene ndinadutsamo potenga mayi a kunyumba, si ine loya. Asanatumize chilichonse aonane ndi loya kapena mlangizi amene ali m'kaundula wa College of Immigration and Citizenship Consultants, dzina lake angathe kulifufuza pa intaneti. Osati aja a pa Facebook olonjeza viza m'masabata awiri.

Bambo a Mphatso (Bangula):
Tikiti ndi yodula ana inu. Bwanji mkulu wake wa ku Blantyre uja aimirire m'malo mwake? Kwathu kuno zimachitika, mwamuna ali ku Joni, abale ake amamaliza zonse, iye n'kumaonera pa foni.

Yohane (Edmonton):
Bambo, chimenecho ndiye ayi. Kuyambira mu Juni 2015 Canada sivomereza ukwati woimiriridwa, wa pa foni kapena wa pa intaneti pa nkhani yotengana. Onse awiri akhalepo ndi matupi awo pa mwambowo. Za chuma ndi kukambirana kwa akuluakulu zingayambe iye kulibe, koma tsiku lomanga afike.

Chimwemwe (Chikwawa Boma):
Ndiwonjezere za kuno. Ukwati wa kwa DC sumangofika lero n'kumanga lero. Mumayamba mwapereka chidziwitso, amachimata pa bolodi masiku 21 kuti ngati pali wotsutsa abwere. Ndiye ngati tchuthi chake ndi cha masabata atatu okha, mukafunsiretu kuofesi dongosolo lake iye asanagule tikiti, mungapezeke tsiku lafika iye ali kale pa Chileka. Dziwaninso kuti ukwati wa kuboma ndi wa mkazi mmodzi, mitala palibe. Ndipo maina alembedwe ndendende mmene alili pa pasipoti ndi pa chiphaso cha unzika. Ndaonapo Esnart pa chiphaso, Esinati pa satifiketi ya sukulu, Esnath pa pasipoti, munthu mmodzi.

Esnart wa ku Nchalo:
Kkkk mwandilasa, pa satifiketi ya MSCE analemba ndi "th" kumapeto.

Anabanda (Fatima):
Konza zimenezo pano, usadikire. Ndipo chikalata cha ukwati chokha sichikwanira, amafuna aone kuti ubale wanu ndi weniweni osati wongofunira mapepala. Sunga chilichonse.

Yohane (Edmonton):
Zoona. Pali fomu ina, IMM 5532, imafunsa mbiri yanu yonse: munakumana liti, kuti, abale akudziwa, munayenderana kangati. Pamenepo ndi pomwe luphato lija likagwire ntchito. Mulembe tsiku lomwe akwawo anabwera ku Ngabu, anabwera ndani, mufotokoze tanthauzo lake pa mwambo wathu. Mulembenso miyezi 9 ya ku Nchalo mmene inalili, ndi chifukwa chomwe inathera. Malisiti a ndalama zomwe amatumiza, zithunzi muli ndi abale a mbali zonse, makalata a amalume. Bambo a Mphatso, apa ndi pomwe azungu aja akamve za mwambo wathu, osati m'kabokosi kaja.

Chinanso, macheza anu a pa WhatsApp ngati ali m'Chichewa kapena m'Chisena amafuna amasuliridwe m'Chingerezi kapena m'Chifalansa. Sankhani ochepa a miyezi yosiyanasiyana.

Kabaza Bwana:
Womasulirayo adzawerenga zonse? Ngakhale za usiku? Ntchito imeneyo ndikuifuna kkkk

Admin:
Kabaza chenjezo loyamba.

Esnart wa ku Nchalo:
Zithunzi zambiri za nthawi imeneyo zinapita ndi madzi pamodzi ndi foni yakale. Chatsala ndi kabuku ka lendi ndi zithunzi zochepa za tsiku la luphato zomwe msuweni wanga anajambula.

Mayi a Tadala (Dyeratu):
Kuchigwa kuno ndani ali ndi mapepala athunthu? 2015 inatenga, Idai inatenga, Ana inatenga, Freddy n'kudzamaliza. Zimene zatsalazo uzijambule uzitumize ku imelo yako lero lomwe, zenizenizo uziike m'jumbo uzipachike kudenga. Funsanso anzako pa Facebook, ena anasunga zithunzi za pa maukwati ndi pa Khirisimasi zomwe inu awiri mukuonekamo.

Limbani (Nsanje Boma):
Ine ndakhala ndikungowerenga. Ndifunse mbali ya mnyamatayo, popeza tonse tikuyang'ana mtsikana. Akasaina kuti akumutenga, ndiye kuti walonjeza chiyani?

Yohane (Edmonton):
Walonjeza boma kuti adzamusamalira zaka 3 kuchokera tsiku lomwe mkaziyo walandira mapepala okhalira kuno: chakudya, pogona, zovala. Ngakhale banja litatha pakati, lonjezo silitha. Mkaziyo akakalandira thandizo la boma la anthu osowa m'zaka zimenezo, ngongole imagwera mwamunayo. Wotengedwayo nayenso sangatenge mwamuna kapena mkazi wina mpaka zitatha zaka 5.

Limbani (Nsanje Boma):
Ndiye si masewera. Achemwali, munthu wovomera kusaina zimenezo tikiti yobwerera kudzamanga ukwati isamukanike. Akayamba kuzembazemba pa nkhani yobwera, pamenepo mudzifunse mafunso ena.

Anabanda (Fatima):
A Limbani musamuike mwana maganizo. Mnyamatayo anangofuna njira yachidule, ambiri timatero.

Limbani (Nsanje Boma):
Sindinamunene, ndangoti aone.

Esnart wa ku Nchalo:
Takhuta, zikomo nonse, pepani ndinasowa masiku atatu. Ndinamutumizira zonse zimene a Yohane analemba. Poyamba anakwiya, akuti ndikuulutsa nkhani za m'nyumba pagulu. Mawa lake anaimba yekha, anali atakawerenga ndime ija, mawu ake anali ofewa. Wapempha tchuthi cha mu Disembala ndipo akufufuza mlangizi wovomerezeka ku Winnipeg komweko. Mafomu ndawasiya osachonga kanthu. Amayi sanamvetsebe chifukwa chake sindingalembe kuti ndine wokwatiwa, koma atamva kuti kukhala ukwati asiya kufunsa, ayamba kuwerengera mapira a thobwa. Vuto latsopano ndi amalume. Amva kuti mkamwini ali ku Canada, ndiye nkhani ya chuma akuti ayambirenso kuwerenga.

Bambo a Mphatso (Bangula):
Amalume akowo undipatse nambala yawo kumbali, ndilankhule nawo ngati akuluakulu. Mnyamata agule tikiti, alipire mafomu, aphe ng'ombe, zonse mwezi umodzi? Achepetse.

Esnart wa ku Nchalo:
Ndakutumizirani bambo. A Chimwemwe, Lolemba ndikwera minibasi ya m'mawa kubwera ku Boma, ndikafunse za chidziwitso chija ndi za "th" wa pa satifiketi. Ofesi imatsegulidwa nthawi yanji?

Chimwemwe (Chikwawa Boma):
Fikani m'mawa dzuwa lisanakwere, mutenge chiphaso, pasipoti ndi satifiketiyo. Mukatsika pa Dyeratu mundiimbire.